Waya wa m'nyumba musamulowetse m'boti

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene agula boti laling'ono la aluminiyamu lokhala ndi injini yapanja. Akufuna kuikamo nyali zoyendera usiku, pampu yochotsa madzi, fish finder (chipangizo chosonyeza pamene pali nsomba) ndi potchajira foni, zonse pa batire imodzi ya mavoti 12. Afunsa ngati angagwiritse ntchito waya amene anatsala pomanga nyumba, komanso ngati negetivu angangoimangirira pa thupi la botilo monga zimakhalira m'galimoto.

Bambo, zonse ziwirizo ayi, ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse kuti mundimvere.

Waya wa m'nyumba nthawi zambiri amakhala ndi mtima umodzi wolimba wa mkuwa. Khoma siligwedezeka, koma boti limanjenjemera tsiku lonse ndi injini ndi mafunde, ndipo waya wotereyu amathyokera mkati mwa chikopa chake pomwe diso silingaone. Wofunika ndi wa timinga tambirimbiri topyapyala tokutidwa ndi tini, amene ukamusenda amaoneka wotuwa ngati siliva. Ndinasendapo waya wa mkuwa wamba wochokera pansi pa boti lina: timingato tinali takuda bii mpaka kutali ndi polumikizira, kukhudza pang'ono n'kuyoyoka m'zala. Nyali ya mwini wake inali kungothima ndi kuyaka yokha pakati pa madzi usiku.

Za negetivu ndiye nkhani yaikulu. Magetsi akamadutsa m'thupi la aluminiyamu limene lili m'madzi, chitsulocho chimadyeka pang'onopang'ono, timabowo n'kuyamba kuoneka. Choncho chipangizo chilichonse chikhale ndi mawaya awiri, wopita ndi wobwerera, ndipo obwerera onse akumane pa kachitsulo kamodzi kolumikizira, kamene kali ndi waya mmodzi wonenepa wopita ku batire.

Kumbali ya pozitivu, yambani ndi fyuzi yaikulu pafupi penipeni ndi batire. Malamulo a bungwe la ABYC la ku America, loona za chitetezo cha maboti, amati isapitirire mainchesi 7, pafupifupi masentimita 18. Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi imateteza chipangizo, koma ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza waya. Waya wofiira wa pozitivu akakhuzika n'kugunda aluminiyamu pamalo opanda fyuzi, amafiira ngati khala m'kanthawi kochepa, ndipo pambali pake pali thanki ya petulo. Pambuyo pa fyuziyo pabwere swichi yaikulu yozimitsira zonse, kenako kabokosi ka mafyuzi ang'onoang'ono, chipangizo chilichonse ndi fyuzi yake ndi swichi yake. Swichi nthawi zonse ikhale pa waya wa pozitivu.

Pampu yokha ndiyo yosiyana. Ngati ili ndi kaswichi koyandama kamene kamaiyatsa madzi akakwera, waya wa kaswichiko achokere ku batire mwachindunji, ndi fyuzi yakeyake, osadzera pa swichi yaikulu. Mukatero, ngakhale mutazimitsa zonse n'kupita kunyumba, mvula ikagwa usiku pampuyo idzapopabe.

Kunenepa kwa waya musakuganizire m'mutu, werengerani. Tinene kuti pampu yanu imakoka maampu 5 ndipo ili mamita 4 kuchokera ku batire. Mtunda wake ndi mamita 8, chifukwa kupita ndi kubwera zonse zimawerengedwa. Pa pampu, nyali zoyendera ndi fish finder, mphamvu yotayika m'njira isapose 3 peresenti, yomwe pa mavoti 12 ndi 0.36. Waya wonenepa 1.5 mm² ataya mavoti pafupifupi 0.47, kuposa 0.36 ija, ndiye tengani wa 2.5 mm².

Polumikiza, musapotokole mawaya n'kukulunga tepi. Gwiritsani ntchito timitu tofinya ndi pulayala yake, kenako kapaipi kofota ndi kutentha kamene kali ndi guluu mkati. Mukafinya, kokani ndi dzanja. Ngati kavuka, bwerezani. Mawaya ayende m'mwamba, kutali ndi madzi a pansi, omangidwa pafupipafupi, ndipo podutsa pa bowo la chitsulo pakhale kamphira.

Nyali yofiira ipite kumanzere mukayang'ana kutsogolo, yobiriwira kumanja, yoyera iziwoneka mbali zonse. Batire ikhale m'bokosi lomangidwa ndi lamba, lolowa mpweya. Pogwira ntchito yonseyi chotsani kaye waya wa negetivu pa batire, ndipo mudzaubwezere pomalizira, mutalemba dzina pa waya aliyense mbali zonse ziwiri.