Mwana wanga amakhoza masamu kuposa anzake, ndimuthandize bwanji?

Funso: Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 3 ndipo akudandaula kuti masamu a m'kalasi sakumupatsanso ntchito. Kodi ndichite chiyani?
Kholo, Dedza

Yankho: Mayi, musachedwe kukaonana ndi mphunzitsi wake, chifukwa mwana wotere akamangobwereza zimene akuzidziwa kale amayamba ulesi. Pemphani kuti azimupatsa mafunso a mipikisano ya masamu, omwe amasiyana kwambiri ndi a mayeso a MSCE popeza amafuna kuti wophunzira afotokoze mwatsatanetsatane chifukwa chimene yankho lake lilili loona.

Mpikisano waukulu wa mtunduwu ndi International Mathematical Olympiad, umene unayamba mu 1959 ku Romania. Dziko lililonse limatumiza ophunzira osapitirira asanu ndi mmodzi, ndipo amayankha mafunso asanu ndi limodzi okha m'masiku awiri, maola anayi ndi theka tsiku lililonse. Mafunso a zaka zam'mbuyo amapezeka kwaulere pa intaneti, koma popeza ndi ovuta zedi, mwana wanuyo ayambe ndi osavutirapo, makamaka a Pan African Mathematics Olympiad, womwe ndi mpikisano wa mayiko a mu Africa.

Mumulimbikitsenso kuyambitsa kalabu ya masamu pasukulupo, koma asanyalanyaze Chingerezi, chomwe n'chofunika kuti apeze satifiketi ya MSCE.