Fungo la karapau ndi funso la ma amine

Wophunzira wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo kufunsa chifukwa chimene methylamine ili base (mankhwala olimbana ndi asidi) yamphamvu kuposa amoniya pamene phenylamine ndi yofooka, ngakhale onse awiri ndi a gulu la mankhwala lotchedwa ma amine. Akuti analoweza zonsezi koma pa mayeso zinamubalalikira. Achimwene, funso lanuli latokosa chilonda changa chakale.

Ine ndinakulira pafupi ndi msika wa Zomba, kumene mayi anga ankagulitsa matemba ochokera ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, ndipo nthawi zina ankaoda karapau. Madzulo alionse, asanakhudze ufa, ankadula ndimu pakati, kufinyira m'manja ndi kutikita mpaka m'zikhadabo, chifukwa sopo yekha sankachotsa fungo. Patapita zaka, mphunzitsi wina anatilembera mayina a ma amine bolodi lonse kuti tiloweze, ndipo nditafunsa ngati zimenezi zikukhudzana ndi fungo la nsomba, anandiyankha kuti m'kalasi si mumsika. Mayeso a phunzirolo ndinalakwa, ndipo mpaka lero ndimaona kuti kuphunzitsa ana moloweza zinthu zimene akanatha kuzinunkhiza ndi kuwabera nzeru.

Chimene mayi ankalimbana nacho ndi trimethylamine, amine imene mabakiteriya amatulutsa nsomba ikayamba kuwonongeka, makamaka ya m'nyanja yamchere monga karapau. Amine iliyonse ndi mdzukulu wa amoniya, NH3, amene hayidrojeni wake mmodzi, awiri kapena onse atatu alowedwa m'malo ndi gulu la kaboni, koma nayitrojeni amatsalabe ndi maelekitironi awiri amene sanamangike pa chilichonse. Awiriwo ndiwo amalandira H+ (hayidrojeni wopanda elekitironi) kuchokera ku asidi, ndipo kulandira kumeneku ndiko kumachititsa amine kukhala base. Asidi wa mu ndimu akapereka H+, amine imasanduka mchere umene suuluka m'mpweya ndipo umatsukika ndi madzi. Mukathira sodium hydroxide pa mcherewo, amine imamasuka ndipo fungo limabwerera.

N'chifukwa chake kwinini amabwera ngati quinine sulphate, pakuti mchere wa amine umasungunuka m'madzi bwino kuposa amine yeniyeniyo. Ndipotu mu 1856, William Perkin, mnyamata wa zaka 18 ku London, ankayesa kupanga kwinini yemweyu pamene anatulukira utoto wofiirira wa mauveine kuchokera ku phenylamine. Phenylamine yomweyo ikakumana ndi nitrous acid pamalo ozizira osapitirira madigiri 5, imapanga mchere wa diazonium umene umabala utoto wambiri wa nsalu. Zonsezi m'kalasi muja sitinazimve.

Tsopano funso lanu

Musaloweze mndandanda, koma dzifunseni ngati maelekitironi awiri aja ali pafupi kuti H+ iwapeze. Mu methylamine, CH3NH2, gulu la methyl (CH3) limakankhira maelekitironi kwa nayitrojeni, choncho amakoka H+ mosavuta, ndipo pKb yake, nambala yoyezera mphamvu ya base, ndi pafupifupi 3.4 pamene ya amoniya ndi 4.75. Mu phenylamine, C6H5NH2, maelekitironi awiriwo amamwazikira mu mkombero wa makaboni wotchedwa benzene, ngati mwini golosale amene nthawi zonse ali kwa aneba wogula akafika, ndipo pKb imakwera kufika pa 9.4. Kumbukirani kuti pKb ikakhala yaing'ono, base ndiye kuti ndi yamphamvu, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amatembenuza yankho pa mayeso.