Kodi Cibulková anangotola chikho cha ku Singapore?

Mwa maimelo a sabata ino, imodzi yachokera kwa achimwene ena amene amatsatira tenesi pa kanema. Akuti anatsutsana ndi mnzawo mpaka kutsala pang'ono kudana, ndiye akufuna ndiwalamule. Funso lawo ndalifupikitsa chonchi: "Dominika Cibulková wa ku Slovakia anatenga chikho cha WTA Finals mu 2016, chonsecho anagonja masewero awiri mwa atatu oyambirira. Mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi, ya Grand Slam, sanatengepo ngakhale umodzi. Kodi ameneyu anali katswiri weniweni, kapena unangomugwera mwayi?"

Achimwene, mwayi unalipo ndithu, ndipo ndikuonetsani pamene unali. Koma mukati chikhocho anangotola, pamenepo tisiyana.

Tiyambe ndi mmene mpikisanowu umayendera, chifukwa kusamvana kwanu kwagona pamenepo. M'mipikisano yambiri ya tenesi, ukagonja kamodzi umalongedza katundu. WTA Finals, mpikisano wotsekera chaka pa tenesi ya amayi, ndi yosiyana. Imatenga osewera 8 amene achita bwino kuposa onse chaka chimenecho, n'kuwagawa m'magulu awiri. Aliyense amasewera ndi anzake atatu a m'gulu lake, ndipo awiri apamwamba amapita mu semifainolo. Mu October 2016 ku Singapore, Cibulková anagwera gulu limodzi ndi Angelique Kerber wa ku Germany, Simona Halep wa ku Romania ndi Madison Keys wa ku America.

Masewero oyamba anakumana ndi Kerber, amene pa nthawiyo anali nambala 1 padziko lonse, n'kugonja 7-6, 2-6, 6-3, kutanthauza kuti mwa maseti (zigawo za masewero) atatu anatenga imodzi. Achiwiri Keys anamukwapula 6-1, 6-4, ndipo kunena zoona tsiku limenelo analibe chonena. Achitatu anagonjetsa Halep 6-3, 7-6. Kenako anangokhala n'kumadikira, poti tsogolo lake linali m'manja mwa Kerber: kuti iye apitirire, pankafunika Kerber agonjetse Keys osam'patsa seti ngakhale imodzi. Kerber anachitadi zimenezo, 6-3, 6-3. Mwayi umene mukunenawo ndi umenewu, ndipo sindikuukana.

Tsopano taonani chimene ambiri amachilumpha. Anthu atatu, Cibulková, Halep ndi Keys, anamaliza mofanana: aliyense anapambana kamodzi n'kugonja kawiri. Zikatere amawerenga maseti. Halep anatenga maseti 2 n'kutaya 4. Keys chimodzimodzi. Cibulková anatenga 3 n'kutaya 4. Seti yachitatuyo anaitenga kuti? Ndi ija analanda Kerber tsiku loyamba, pa masewero amene anagonja. M'gulu lonselo palibenso wina amene anam'landa Kerber seti. Ndiye chimene chinam'dutsitsa ndi ntchito imene anaigwira yekha patsiku limene zinthu sizinamuyendere.

Inu otsatira mpira wamiyendo nkhani yotere mukuidziwa. Ivory Coast, pa AFCON imene inaseweredwa kwawo kumayambiriro kwa 2024, inagonja kwa Nigeria, n'kuthiridwa zigoli 4 ndi Equatorial Guinea, ndipo inapulumuka chifukwa Morocco inagonjetsa Zambia. Pamapeto pake inatenga chikho itagonjetsa Nigeria yomweyo 2-1. Sindinamvepo munthu akunena kuti chikho chimenecho n'chabodza. Ndipo ku Singapore komweko, chaka cham'mbuyo mwake, Agnieszka Radwańska wa ku Poland anatenganso chikhochi atagonja kawiri m'gulu. Malamulo amalola zimenezo, ndipo onse amawadziwa asanalowe m'bwalo.

Zimene zinatsatira sizinadalirenso munthu wina. Mu semifainolo anakumana ndi Svetlana Kuznetsova wa ku Russia, mwini zikho ziwiri za Grand Slam. Seti yoyamba anaitaya 6-1, koma anatembenuza zinthu n'kutenga ziwiri zotsatira 7-6, 6-4. Mu fainolo, pa 30 October, anakumananso ndi Kerber. Kumbukirani kuti chaka chimenecho Kerber anali atatenga Australian Open ndi US Open, atafika fainolo ya Wimbledon, komanso atapata mendulo ya siliva ku Olimpiki ya ku Rio. Cibulková anam'gonjetsa 6-3, 6-4. Pointi yomaliza, inde, mpira unagunda pamwamba pa neti n'kugwera mbali ya Kerber, ndipo anthu okonda kunena za mwayi amathamangira pamenepo. Koma munthu amene watsogola seti imodzi ndi magemu 5 kwa 4 sanafikepo ndi neti. Amene anaonera masewerowo anaona Kerber, katswiri wobweza mipira yooneka yosabwezeka, akuthamangitsidwa uku ndi uku kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Palinso mfundo ina imene mnzanuyo akanatha kuitulutsa, ndiye ndiitulutse ndine. Serena Williams sanapite ku Singapore chifukwa cha phewa. Maria Sharapova anali ataimitsidwa pa nkhani ya mankhwala a meldonium. Victoria Azarenka anali woyembekezera. Akanakhalapo atatuwa, n'kutheka nkhani ikanakhala ina. Koma chaka chilichonse pamakhala wina wovulala kapena wosowa, ndipo ukayamba kuchotsera anthu zikho pa chifukwa chimenechi, otsala nazo ndi ochepa kwambiri.

Kuti mumvetse chifukwa chake ine ndimamulemekeza mayi ameneyu, muyenera kudziwa msinkhu wake. Cibulková, amene anabadwira ku Bratislava pa 6 May 1989, ndi wotalika mamita 1.61 basi. Sharapova ndi 1.88. Karolína Plíšková wa ku Czech Republic ndi 1.86. Mu tenesi kusiyana kumeneku si nkhani ya maonekedwe. Poseva, wosewera amaima pafupifupi mamita 12 kuchokera pa neti, ndipo mpira uyenera kudutsa pamwamba pa netiyo n'kugwera m'kabokosi kamene kamathera mamita 6.4 kuseri kwake. Wamtali amamenya mpira uli m'mwamba kwambiri, motero amatha kuuponya molunjika pansi ndi mphamvu zonse. Wamfupi akayesa zomwezo, mpira umakodwa mu neti kapena umapitirira kabokosi. Amakakamizika kuchepetsa liwiro n'kuupotokola kuti ugwe msanga. Zotsatira zake n'zakuti wamtali amapeza mapointi aulere ambiri ndi sevisi yokha, pamene wamfupi pointi iliyonse amaikhetsera thukuta.

Osewera ambiri aafupi amathana ndi vutoli pokhala obweza: amaima kutali kumbuyo, n'kumabweza mpira uliwonse mpaka mnzawoyo atalakwitsa yekha. Cibulková anasankha njira ina, yoopsa. Ankaima pafupi ndi mzere wakumbuyo, n'kumamenya mpira ukangodumpha, usanakwere kufika m'mapewa mwake, kumene munthu wamfupi mphamvu zimam'thera. Ankaumenya mwamphamvu ndiponso mosaukweza, makamaka ndi forehand (kumenya mpira kumbali ya dzanja lomwe umaseweretsa), kuti mnzakeyo asapeze mpata wokonzeka. Mphamvuzo zinkachokera m'miyendo, imene inali yolimba zedi. Ndipo pointi iliyonse yabwino ankaiperekeza ndi mfuu yake ija ya "Pome!", imene anzake ena inkawanyansa. Analinso ndi chizolowezi chonunkhiza mipira yatsopano asanaseve, koma chimenecho musandifunse phindu lake.

Kasewero kotere kamakhala ndi masiku awiri. Tsiku loti mipira ikulowa, palibe amene angakuimitse. Tsiku loti ikuphonya pang'ono, ulibe sevisi yokubisa, ndiye umagwa moonekera. Mbiri yake yonse ili choncho. Mu 2009, ali ndi zaka 20, anagonjetsa Sharapova 6-0, 6-2 mu kotafainolo ya French Open, n'kukagonja mu semifainolo kwa Dinara Safina. Mu January 2013, mu fainolo ya ku Sydney, Radwańska anam'chititsa manyazi 6-0, 6-0, osam'patsa gemu ngakhale imodzi. M'chaka chomwecho, mu fainolo ya ku Stanford, Cibulková anabweza chipongwe n'kutenga chikho m'manja mwa Radwańska yemweyo. Mukaona zimenezi, kugonja koipa kwa Keys Lachiwiri n'kudzagonjetsa nambala 1 Lamlungu sikudabwitsanso. Ndi mmene ankakhalira.

Pa za Grand Slam mwanena zoona, sanatengepo. Anayandikira kwambiri mu January 2014 ku Australian Open, kumene anachotsa Sharapova, kenako Halep 6-3, 6-0, kenako Radwańska 6-1, 6-2, n'kukhala mkazi woyamba woimira Slovakia kufika fainolo ya Grand Slam pa masewero a mmodzimmodzi. Kumeneko Li Na wa ku China anam'gonjetsa 7-6, 6-0. Masiku awiri aja anaonekera m'masewero amodzi: seti yoyamba nkhondo yoopsa, yachiwiri chete. Maganizo anga ndi akuti Grand Slam inkamuvuta chifukwa imafuna kupambana masewero 7 otsatizana m'masabata awiri, ndipo munthu wosewera moika moyo pachiswe chonchi kawirikawiri tsiku loipa limam'peza asanamalize. WTA Finals, imene imakhululuka tsiku loipa, inali ngati yosokedwera iye. Komabe anafika kotafainolo kapena kupitirira apo m'ma Grand Slam onse anayi, ndipo ku Wimbledon anatero katatu, mu 2011, 2016 ndi 2018. Wamwayi sabwerezabwereza choncho kwa zaka pafupifupi khumi.

Chaka cha 2016 chenichenicho chimafunika kuchiona chonse, osati sabata imodzi ya ku Singapore. Mu 2015 anachitidwa opaleshoni ku chidendene, pa vuto la mtsempha waukulu wa pamenepo, ndipo anakhala miyezi ingapo osasewera. Mu tenesi mapointi okupatsa nambala padziko lonse amakhala masabata 52 okha, kenako amafufutika, ndiye ukadwala umatsika ngakhale usanagonje. Kumayambiriro kwa 2016 anali atatsikira pa nambala 66. Kuchoka pamenepo anafika fainolo ku Acapulco, anatenga chikho ku Katowice, anafika fainolo ya mpikisano waukulu wa ku Madrid pa bwalo ladothi, anatenga chikho ku Eastbourne pa bwalo la kapinga atagonjetsa Plíšková wamtali uja, anafika fainolo ku Wuhan, n'kutenga chikho ku Linz, chimene chinam'tsegulira njira ya ku Singapore. Mabwalo a mitundu yonse, m'nyumba ndi panja. Anamaliza chakacho ali nambala 5, ndipo bungwe la tenesi ya amayi la WTA linam'patsa mphoto ya wosewera amene wabwerera mwamphamvu kuposa onse.

M'katikati mwa zonsezi munali ukwati, ndipo nkhani yake imandiseketsabe. Iye ndi bwenzi lake Michal Navara anaika tsiku laukwati pa 9 July 2016, tsiku lomwelo la fainolo ya amayi ku Wimbledon, zimene zikusonyeza kuti mwini wakeyo sankayembekezera kufika patali pa kapinga. Atagonjetsa Radwańska mu ndime yachinayi pa masewero otopetsa amene seti yomaliza inatha 9-7, anthu anayamba kufunsa ngati ukwatiwo usunthidwe. Elena Vesnina anathetsa nkhawayo pom'gonjetsa mu kotafainolo, ndipo ukwati unachitika pa tsiku lake ku Bratislava.

Mwina mnzanuyo anganene kuti katswiri wamkulu wa ku Slovakia ndi Daniela Hantuchová. Mkangano umenewo ndi wabwino. Hantuchová, wamtali mamita 1.81, anatenga mpikisano waukulu wa ku Indian Wells kawiri, mu 2002 atagonjetsa Martina Hingis ndi mu 2007. Anathandiza dziko lake kutenga chikho cha mayiko cha Fed Cup mu 2002, ndipo pa masewero a awiriawiri a mwamuna ndi mkazi anatenga ma Grand Slam onse anayi. Koma pa masewero a mmodzimmodzi anathera pa nambala 5 ndi semifainolo imodzi ya Grand Slam, ya ku Australia mu 2008. Cibulková anafika nambala 4 mu March 2017, anasewera fainolo ya Grand Slam, ndipo zikho zake za WTA za mmodzimmodzi ndi 8. Pa mbali imeneyi ine ndimaika Cibulková patsogolo, ngakhale pa kukongola kwa kamenyedwe ka mpira Hantuchová ankam'posa.

Chimene ndingavomereze mnzanuyo n'chakuti Singapore inali nsonga, ndipo sanaifikenso. Atachoka kumeneko sanatengenso chikho china cha mmodzimmodzi. Mu 2018 anali nambala 32, malo omaliza oyenera kutetezedwa kuti asakumane ndi akuluakulu poyambirira, koma akuluakulu a Wimbledon anapereka malo otetezedwa kwa Serena Williams amene ankachokera kuchikuta, ndipo amene anakankhidwira kunja anali Cibulková. Anadandaula poyera kuti sichinali chilungamo, kenako anakafika kotafainolo. Umenewo unali ulendo wake womaliza kufika kotafainolo ya Grand Slam. Chidendene chija sichinasiye kumuvutitsa. Masewero ake omaliza anali a French Open ya 2019, kumene anagonja mu ndime yoyamba kwa Aryna Sabalenka, ndipo mu November chaka chomwecho analengeza kuti wasiya, ali ndi zaka 30.

Ndiye mukakumana ndi mnzanuyo, m'patseni zake: Kerber anam'thandiza Cibulková pogonjetsa Keys, ndipo Serena kunalibe. Koma mumufunsenso kuti seti yachitatu ija inachokera kuti, komanso amene anagonjetsa Kuznetsova Loweruka ndi Kerber Lamlungu anali ndani. Za amene agule zakumwa mugwirizane nokha.