Alternator yafa patangotha masabata asanu, mwini galaja akuti palibe galanti

Kalata ya sabata ino yachokera ku Joni, kwa mbale wathu wina amene amayendetsa Toyota Corolla pa Bolt, matakisi oitanitsa pa foni aja. Ndaifupikitsa motere: "Galimoto inkavuta kulira m'mawa. Ku galaja ina kuno ku Johannesburg anandiikira alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira) yokonzedwanso, ndinalipira R2,800 pamodzi ndi ntchito. Patangotha masabata asanu kanyali kofiira ka batire kanayaka, madzulo ake galimoto n'kuzima pa msewu wa M1 ndili ndi kasitomala. Nditabwerera, mwini galaja anangondilozera chikwangwani chapakhoma chonena kuti zamagetsi zilibe galanti. Kodi ndalama yangayi yapita?"

Achimwene, sinapite ayi. Chikwangwanicho chimaopseza anthu ambiri, makamaka ife obwera amene timaopa phokoso m'dziko la eni, koma sichingafufute lamulo. Ku South Africa kuli Consumer Protection Act, lamulo loteteza ogula, nambala 68 ya 2008, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2011. Gawo 57 la lamuloli likunena za vuto lanuli ndendende: chipangizo chilichonse chatsopano kapena chokonzedwanso chimene galaja yaika pokonza galimoto, kuphatikizapo ntchito yochiikayo, chili ndi galanti ya miyezi 3 kuchokera tsiku loikalo. Galaja ikhoza kuwonjezera nthawiyo polemba, koma kuichepetsa ayi. Palibenso pamene lamulo linapatula zamagetsi. Inu muli pa masabata asanu, ndiye muli mkatikati. Lamuloli limateteza wogula, silifunsa kuti kwanu ndi ku Mangochi kapena ku Soweto, ndipo kuti galimotoyo mumadyerapo sikukuchotserani ufulu umenewu.

Tsono poti mwini galajayo si mwana, tiyeni tione pamene angathawire. Galantiyi imagwa ngati mwini galimoto waononga yekha chipangizocho, komanso sikhudza kutha kwa chinthu chifukwa chogwira ntchito nthawi yaitali. Alternator siitha m'masabata asanu, ndiye njira yachiwiriyi yatsekeka. Yatsala yoyambayo. Adzakufunsani ngati munabusitsa batire mawaya mutatembenuza, ngati munatsukitsa injini ndi madzi amphamvu aja, kapena ngati munalumikiza zokuzira mawu zikuluzikulu kumbuyo. Ndipo funso limene limagwetsa anthu ambiri ndi ili: pali wina amene anaigwira chiiikireni?

Apa ndiye ndikupempheni. Ndikudziwa kuti tsiku lililonse galimoto ikaima ndiye kuti lendi yaima, ya kumudzi yaimanso, ndipo pali mnzanu wina wodziwa zamagetsi amene akuti aitsegule aone. Musalole. Ine ndinapsapo ndi pampu yamadzi: inayamba kudontha patangopita masiku ochepa, mlamu wanga n'kumasula mabawuti awiri kuti "angosuzumira", n'kupakapo guluu. Makaniko amene anaiika atangoona guluu uja anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo kunena zoona sindikanamutsutsa. Wina akhoza kuyeza ndi mita n'kukulemberani zimene wapeza, koma sipanala isakhudze.

Taonaninso risiti yanu. Mawu amene analembapo ndi ofunika kuposa mtengo. Ngati palembedwa kuti chipangizo n'chatsopano kapena chokonzedwanso, gawo 57 lili nanu. Chozula pa galimoto yangozi ku sikirapu n'kuchiika momwemo gawoli silinachitchule, ndipo magalaja ena amadziwa bwino kusiyana kumeneku pamene ife sitikudziwa. Ngati risiti sanakupatseni, uthenga wa kubanki wosonyeza kuti munalipira ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi umboni ndithu.

Mwayi wanu ndi woti alternator anagula ndi a galaja. Ambiri timakonda kukagula tokha kusitolo ya masipeya kuti titchipitse, kenako chikafa wasitolo amati makaniko anaika molakwika, makaniko amati munagula chachinyengo, iwe uli pakati ngati mpira. Zikatero gawo 56 ndi limene limathandiza kwa wogulitsayo: katundu akapezeka ndi vuto isanathe miyezi 6, umam'bweza, ndipo wosankha pakati pa kukonza, kusinthitsa kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogula, osati wasitolo. Akakonza koma vuto n'kubweranso isanathe miyezi 3, ayenera kupereka china kapena ndalama.

Mwini galaja akakanitsitsa, kadandauleni ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, ambiri amangoti MIOSA, amene ntchito yawo ndi milandu yotereyi ya magalimoto. Pamwamba pawo pali National Consumer Commission, bungwe la boma loona za ufulu wa ogula. Kulinso Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Mu 2019 anakweza malire a ndalama zimene ungasumire kumeneko kufika pa R20,000, ndipo usanasume umayamba wapereka kalata yom'patsa mnzakoyo masiku 14 oti alipire. Za ndalama zimene munaluza masiku amene galimoto inaima, musaikepo mtima kwambiri. Imeneyo ndi nkhondo ina, yovuta kupereka umboni. Risiti ya amene anakoka galimoto pa M1 yokha sungani, muiphatikize.

Koma musanafike konseko, lembani uthenga lero lomwe, pakamwa pokha ayi. Mutchule tsiku limene anaika alternator, ndalama imene munalipira, tsiku limene inafa, muikepo chithunzi cha kanyali kaja, ndipo munene kuti malinga ndi gawo 57 la Consumer Protection Act mukufuna aikonze kapena aike ina mosalipiritsa pasanathe masiku 7. Musatukwane, musaopseze. Tsiku limene uthengawo wapita ndi limene lidzasonyeze kuti munadandaula miyezi 3 isanakwane, ngakhale iwo atamakuzengerezani ndi "bwerani mawa" mpaka nthawiyo itadutsa.