Yankho la funso lako lija, mphwanga

Eee mphwanga, ndaiona meseji yako mu gulupu, kulemba ndi kwambiri ndiye ndingolankhula. Wafunsa ngati zili zoona kuti munthu angamire mamita oposa 200 ndi mpweya umodzi basi n'kutuluka wamoyo. Zoona. Herbert Nitsch wa ku Austria, 2012 ku Santorini ku Greece, anafika mamita 253. Koma kutulukako... mmm, anakomoka akukwera, kenako sitiroko zingapo, moti kuyenda ndi kulankhula anachita kuphunziranso.

Koma iwe za ku Austria ulibe nazo ntchito iwe, ndinakubereka kumsana ine. Mavidiyo anu a ku Dziwe la Nkhalamba ndinawaona, wina ali pamwala ndi foni kuwerenga masekondi, iwe kapa chogadabuza ngati ndiwe bwana wa madzi.

Amalume aku Muloza aja, ukuwadziwa ali chete masiku ano, koma pa Ruo panalibe wowaposa. Asanamire ankapuma mothamanga, fuu fuu fuu, amvekere ndikudzaza thanki. Tsiku lija ukonde unakodwa pachitsa pansi, linali Lachisanu... ayi Loweruka, chifukwa agogo anali atapita kumaliro aja. Anamira, ukonde anamasula bwinobwino, ndiye akukwera, mutu watsala pang'ono kutulukira, anangoti zii. Osaphiriphitha, osakuwa, kungobwerera pansi. Kamnyamata kena kodyetsa mbuzi ndi komwe kanalumphira n'kuwakoka ndi lamba wa thalauzi. Kuchipatala anakhalitsa, madzi anali atalowa m'mapapo. Atatuluka dengu la tiyi linawakanika nyengo yonse, akayenda mizere iwiri wefuwefu, chikwanje asiya pompa n'kumafunsa ana kuti watenga ndani. Usiku kudzidzimuka, thukuta kamukamu.

Ndiye tamvera, kupuma mothamanga kuja sikuonjezera oxygen wambiri ayi, mpweya umene thupi limafuna uja, kumangochotsa carbon dioxide, mpweya woipa umene timatulutsa, ndipo iyeyo ndi amene amakutsina pachifuwa kuti kwera kapume. Ukamuchotsa umamva bwino pomwe oxygen akutha, ubongo n'kuzima osakuchenjeza, nthawi zambiri cha kumtunda komwe. Akatswiri aja amakhala ndi chingwe, omira anzawo owachingamira pansi, dokotala ali pompo, komabe mmodzi mwa iwo, Nicholas Mevoli, anamwalira pa mpikisano ku Bahamas mu 2013. Inu muli ndi foni ndi madzi ozizira aku Likhubula.

Mpikisano wanu womira wa pa Khirisimasi umenewo usalowe mphwanga. Kusambira sambira, sindikukaniza, koma zobetchera kuti akhalitse pansi ndani, iyayi. Mwina uziti achemwali ayamba ulaliki... ayi ndithu, usalowe. Anzako akakuseka unene kuti ndakukaniza ine, ndipo ukachita makani amayi aang'ono ndiwaimbira madzulo ano.