Kamba walowa m'dimba langa, ndimutani?

Mvula yoyamba ikangogwa kuno ku Joni, cha mu Okutobala, akamba amene anabisala m'maudzu ndi m'mauna nyengo yonse yozizira amayamba kuyendayenda kufuna msipu. Nthawi yomweyo mbewu zathu zimakhala zanthete, ndiye pokumanira pake pamakhala m'dimba. Mwa mafunso amene mwanditumizira masiku ano, ndiyankhapo atatu.

Loyamba lachokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu amene amalima masamba pa puloti ku Walkerville: "Alangizi, ndapeza kamba akudya mpiru wanga. Nditamunyamula wandithira mkodzo. Pano ndamuika m'beseni lodzaza madzi kuti asathawe. Ndimutani?"

Bambo, siyani kaye kuwerengaku, kamuvuuleni m'madzimo. Kamba wa kumtunda akatopa kutukula mutu amamira. Mukatero, muyang'anitsitse kuti mwatola ndani.

Amene amapezeka kwambiri m'chigawo chino cha Gauteng ndi uja azungu amamutcha leopard tortoise, Mabunu akuti bergskilpad. Chigoba chake n'chachitali ngati mphika wovundikira, chachikasu chokhala ndi mawanga akuda onga a kambuku, ngakhale akakalamba mawangawo amafwifwa. Miyendo yakumbuyo ili ngati ya njovu. Amakula ndithu, ena kupitirira makilogalamu 15, ndipo chakudya chake chenicheni ndi udzu. Winanso ndi wamng'ono, safika patali kupitirira masentimita 20, chigoba chake n'chophwatalalako, ndipo chakumbuyo kwake chili ndi popindikira moti akaopsezedwa amatsekera miyendo ndi mchira m'kati. Ameneyu ndi hingeback. Mlimi asadane naye, chifukwa kuwonjezera pa masamba amadya nkhono, abongololo ndi bowa.

Ngati chigoba chili chafulati ngati mbale, zala zili ndi zikhadabo zakuthwa ndi kachikopa pakati, khosi akulipindira cham'mbali m'malo molibweza m'kati, ndipo manja anu akununkha moipa, imeneyo ndi nkhasi ya m'madambo. Mvula ikagwa imayenda pamtunda kusaka dziwe lina, ingoisiyani ipite. Koma ya mzere wofiira kuseri kwa diso ndi yobwera, inachokera ku America kudzera m'malonda a ziweto, ndipo malamulo a dziko lino amaiika m'gulu la zamoyo zowononga zinzake. Imeneyo musakaiponye mumtsinje wa Jukskei kapena wa Klip. Kaiperekeni ku SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza.

Za mkodzozo, makolo anaona kale pomwe anati kamba amanyera amene wam'tola. Koma wopwetekeka kwenikweni si inu ayi. Madzi amene wakuthiraniwo ndi nkhokwe yake, amawasunga m'thupi kuti amuthandize nthawi ya chilala. Akawataya chifukwa cha mantha mvula isanakhazikike, angathe kufooka mpaka kufa. N'chifukwa chake ndimati kamba asamanyamulidwe popanda chifukwa. Ngati palibe kuchitira mwina, mugwireni ndi manja awiri m'mbali, mimba iloze pansi, osamugadabuza, osamupatsa ana kuti azipatsirana.

Tsono ngati puloti yanu yachita malire ndi tchire, ndipo kambayo maso ali gwa, mphuno zouma, akulemera bwino m'manja, poyenda akutukula mimba, ndiye kuti sanasochere. Kwawo ndi komweko, dimba lanu ndi limene lamupeza. Musiyireni madzi ochepa m'mbale yosazama amwe, kenako mukamuike kuseri kwa mpanda mbali imene anachokera, pamthunzi. Osamukweza galimoto kukamutaya kutali poganiza kuti mukumuchitira chifundo: kamba amadziwa dera lake, pomwe pali madzi ndi pobisala, ndipo kumalo achilendo amangoyenda kufuna kwawo mpaka kugundidwa pamsewu. Mpiru wanuwo utetezeni ndi malata akale kapena njerwa zofika m'bondo, zokwiriridwa pang'ono pansi. Waya woonekera kuseri amalimbana nawo tsiku lonse. Ndipo poti mapuloti ambiri kuno ali ndi mipanda yamagetsi, auzeni eni malo kuti waya wapansi kwambiri ndi umene umapha akamba. Akagwidwa ndi magetsi sathawa, amangolowetsa mutu n'kukhala pomwepo mpaka kufa. Kuukwezako pang'ono wayawo kapena kuuchotsa moto kumapulumutsa ambiri.

Funso lachiwiri ndi la mayi wina amene amaweta mbuzi ndi nkhuku cha ku Midrand: "Galu wathu wabwera ndi kamba kukamwa, chigoba chang'aluka m'mphepete. Alinso ndi nkhupakupa zikuluzikulu. Ndimubaye mankhwala a mbuzi aja a ivermectin?"

Ayi mayi, chonde musayerekeze. Ivermectin amathandiza mbuzi ndi ng'ombe, koma kwa kamba ndi poizoni: amamuumitsa ziwalo n'kumupha. Dibi wa ziweto nayenso ayi. Nkhupakupazo muzizule ndi kopanira, kugwira pamutu penipeni, n'kuzitentha kapena kuziika mu sipiriti, osazitaya pabwalo. Mwachita bwino kuzitchula, chifukwa nkhupakupa za akamba ndi za mtundu wa Amblyomma, womwe umafalitsa matenda a heartwater, aja odzaza madzi pamtima ndi m'mapapo a mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe. Ndi nkhawa yomweyi imene inachititsa dziko la America kuletsa kulowetsa akamba a mtundu wa leopard m'chaka cha 2000. Choncho wodwala wanuyo akhale kutali ndi khola.

Chigoba si mwala. Ndi fupa lamoyo, lolumikizana ndi msana ndi nthiti, lili ndi magazi ndipo kamba amamva ululu. Tsukani balalo ndi madzi owiritsa atazizira, othira kamchere pang'ono, n'kuphimba ndi kansalu koyera kuti ntchentche zisaikire mphutsi. Osamata ndi guluu, simenti kapena phula, chifukwa mutsekera dothi m'kati. Muikeni m'katoni yoyala nyuzipepala kapena udzu wouma, m'chipinda chabata, chofunda, kopanda galu ndi makoswe. Akakana kudya musadandaule, kamba amatha masiku osadya kanthu. Chachangu n'kumufikitsa kwa odziwa lero kapena mawa, poti mano a galu amasiya tizilombo mkati. Muli ndi mwayi kuti chipatala cha nyama zakutchire cha Johannesburg Wildlife Veterinary Hospital chili cha kwanu komweko, ndipo nyama zakutchire za m'dziko muno amazithandiza osalipiritsa. SPCA ya m'dera lanu nayonso imalandira kapena kukulozerani koyenera.

Kamba wosavulala amene mwamupeza pakati pa nyumba zokhazokha, monga ku Randburg kapena ku Rosettenville, kawirikawiri amakhala wothawa pakhomo pa munthu. Ameneyo sapita kutchire, makamaka ngati mphuno zikutuluka thovu kapena mamina, chifukwa angakapatsire anzake chifuwa. Podikira a SPCA kuti amutenge, musungeni masiku awiri atatu pakapinga kotchinga bwino, pomwe pali dzuwa ndi mthunzi womwe, kutali ndi dziwe losambira ndiponso kumene mwathira mankhwala a nkhono. Madzi akhale m'mbale yoti akalowamo asapitirire pachibwano. Chakudya ndi udzu womwewo, masamba a mabulosi, maluwa a hibiscus, chisoso ndi nkhwani pang'ono. Nsima, buledi, mkaka ndi chakudya cha galu ayi, ngakhale azidya mokondwa. Zimamuwononga impso ndi chigoba. Letesi ndi madzi okhaokha, zipatso zimamutsegula m'mimba. Ikakhala Juni kapena Julayi, chisanu cha kuno si cha masewera, mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndiye usiku alowe m'katoni m'nyumba. Mukamugwira sambani m'manja ndi sopo musanakhudze chakudya, akamba amanyamula tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba, makamaka kwa ana.

Lachitatu ndi la achimwene ena ogwira ntchito ya m'gadeni ku Honeydew: "Ndikufuna ndimuboole chigoba ndimumange chingwe akule. Kapena ndingomudya, kwathu ndi ndiwo."

Kuboolako ndayankha kale, achimwene: n'chimodzimodzi kukuboolani nthiti. Penti nayenso ayi. Za ndiwozo sinditsutsa kuti m'madera ena kwathu amadya, koma kuno si kwathu. Akamba onse a m'dziko muno ndi otetezedwa, ndipo mu Gauteng lamulo losamalira zachilengedwe la 1983 likugwirabe ntchito: kugwira, kusunga, kunyamula, kugulitsa kapena kupha kamba popanda chilolezo cha boma la chigawo ndi mlandu. Ngakhale abwana anu atanena kuti musungeni kuseri kwa nyumba, wopezeka naye m'manja ndi inu, ndipo ife alendo tikudziwa kuti nkhani yaing'ono ikafika kupolisi imadzutsa zina. Ogulitsa akamba m'mbali mwa msewu musawagule ngakhale mwa chisoni, mukagula mmodzi mawa akatola awiri. Wanuyo mujambuleni chithunzi chapamwamba ndi chapamimba, mukumbukire malo enieni ndi tsiku limene munamutola, muimbire a SPCA. Malowo ndi amene adzawathandize kudziwa ngati angabwezedwe kwawo.