Denga, ngalande ndi chigumu: yankho kwa mayi wa ku Area 36

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 36 mu Lilongwe amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Mwachidule nkhani yake ndi iyi. Nyumba anamanga okha ndipo analowamo isanathe bwinobwino. Dzinja lapitali inkadontha kukhitchini ndi m'kachipinda kosungiramo chimanga, pulasitala wa khoma lakuseri wang'ambika, koma bambo akunyumba akufuna kuti kandalama kamene asunga kapite ku penti, nyumba idzaoneke pa Khirisimasi. Mayiwa amaphika zigumu ndi masikono zogulitsa pafupi ndi sukulu. Chifikireni kutentha kwa Okutobala, zigumu zikumapserera pansi m'kati musanapse, ndiwo zamasana zikumafika madzulo zitasasa, ndipo amisiri akabwera nawonso ayenera kudya. Akufunsa kuti ayambire pati, nanga munthu mmodzi zonsezi angazigwire bwanji.

Mayi, zikomo polemba. Bambo ndikuwalemekeza, koma pa nkhani ya penti ndili mbali yanu. Penti idikire. Ndalama yoyamba ipite pa denga, ndipo pa dengapo iyambire pamwamba penipeni pa matumba a chimanga.

Ndikutero chifukwa denga lodontha limaononga chakudya chimene inu mumaphika ndi kugulitsa. Chimanga ndi mtedza zikanyowa n'kukhala m'chipinda chofunda zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu satha ndi moto. Mungaphike nsima mpaka kutuluka thukuta, mungakazinge mtedzawo, iye amakhalamobe, n'kumaononga chiwindi pang'onopang'ono. Kuno kuchigawo chapakati, kumene nsinjiro timathira pafupifupi mu ndiwo iliyonse yamasamba, nkhani imeneyi si yoitenga mopepuka. Ndiye ganizirani kuti mgaiwa wa chigumu chanu ukudyedwa ndi ana a anthu ena.

Kupeza podontha sikulira mmisiri. Ngati nyumbayo ilibe siling'i, lowani masana dzuwa lili paliwombo, tsekani chitseko ndi mawindo, muyang'ane m'mwamba. Paliponse pamene pakuoneka kadontho ka kuwala, lembanipo ndi choko pa phaso loyandikira. Ngati siling'i ilipo, tsatirani mabanga achikasu, koma dziwani kuti madzi amayenda ndi phaso asanagwe, choncho bowo lenileni limakhala chakumtunda kwa bangalo. Chizimalupsa chikagwa musachitaye mwayi: tengani choko chomwecho muzungulire zipinda zonse mvula ikugwa.

Mabowo ambiri amakhala pa misomali. Malata akatentha masana amafutukuka, usiku n'kubwerera, ndipo chaka ndi chaka msomali umasukusika mpaka kutukula mutu. Ena anakhomedwa molakwika kuyambira pachiyambi. Msomali wa malata umakhomedwa pamsana pa mzere, osati m'khwawa mmene mumayenda madzi, ndipo mmisiri amene mwamuona akukhoma m'khwawa mutsitseni msanga. Gulani misomali ya chipewa yokhala ndi kalabala pansi pake. Msomali wosukusika mmisiri auzule, akhome wina wokulirapo, ndipo mabowo akale atseke ndi phula kapena ndi tepi ya phula ija amagulitsa m'mahadiweya a mu msewu wa Malangalanga. Ngati pali lata lodyeka dzimbiri loti lichotsedwe, kumbukirani kuti nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lochindikala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala kwambiri. Ayang'anenso pamsonga pa denga, pamene mbali ziwiri zimakumana, chifukwa mphepo imakankhira mvula pansi pa lata lovindikirapo.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala ndi mawaya omangira mitengo ya denga kukhoma. Mvula yoyamba kuno imabwera ndi chimphepo, ndipo chaka chilichonse timamva za nyumba, matchalitchi ndi midadada ya sukulu zimene zasasuka madenga. Denga likasasuka nthawi zambiri lata silinalakwe, ndi waya amene anadyeka kapena phaso limene chiswe chinalidya m'kati n'kusiya khungu lokha. Mmisiri aboole phaso lililonse ndi msomali. Msomali ukalowa ngati mu nthochi, phasolo lichotsedwe. Timizere tadothi tokwera khoma ndi njira za chiswe, zigumuleni ndipo mutsatire kumene zikuchokera. Mankhwala opaka mitengo asapakidwe ufa ndi ziwiya zili pansi pake.

Ntchito ya padenga ndi ya m'bandakucha. Mu Okutobala kumacha cha m'ma 5 koloko, ndipo ikamakwana 9 lata limakhala loti simungaligwire ndi dzanja. Mmisiri amene wakwera 11 koloko amagwira mothamanga kuti atsike, ndipo ntchito yothamanga ndi imene mudzaiikire beseni mu Januwale. Mugwirizane naye kuti afike kukungocha, aziponda motsata mzere wa misomali pamene pansi pali phaso, ndipo akatsika apite ku ntchito zam'mthunzi.

Tsopano chigumu. Vuto lanu ndi moto wochuluka pansi, ndipo kutentha kwa nyengo kwangolionjezera, chifukwa makala ouma a chilimwe amayaka msanga ndipo kamphepo ka Okutobala kamawakolezera. Mu uvuni kutentha kumazungulira mbali zonse, pamene pa mbaula kumachokera pansi pokha. Ndiye gawani makala anu patatu: gawo limodzi litsale pansi, magawo awiri akwere pa chivindikiro. Apansiwo adikire ayambe achita phulusa loyera, asakhale akulilima. Kuposa apo, tengani poto wamkulu, thiranimo mchenga wouma wokwana zala ziwiri, muutenthetse, kenako muike chitini cha chigumu pamchengapo n'kuvindikira. Mchenga umagwira moto n'kumaupereka pang'onopang'ono. Pofuna kudziwa ngati mwatentha mokwanira, wazani kaufa pa kachivindikiro kakang'ono muike m'katimo. Kakasanduka kofiirira pang'onopang'ono, pali bwino. Kakada nthawi yomweyo, phulaniko makala. Mu uvuni wamagetsi muyezo wake ndi madigiri 180.

Musadzaze chitini. Chosakaniza chikapitirira theka, m'kati simupsa msanga ngakhale moto mutaugawa bwino. Ine muyezo umene ndimaukhulupirira ndi makapu awiri a mgaiwa, kapu imodzi ya fulawa, nthochi zinayi zakupsa zofika pochita mawanga akuda, theka la kapu ya shuga, kamchere, masupuni akuluakulu atatu a mafuta, kapu imodzi ya chambiko ndi supuni yaing'ono imodzi ya soda. Soda amafuna chowawasa kuti atupitse, n'chifukwa chake chambiko chimathandiza. Mukamuchulukitsa poganiza kuti chitupa kwambiri, chigumu chimatuluka chachikasu chodera ndipo chimawawa kukhosi, ana n'kuyamba kugula kwa mnzanu. Soda amayamba kugwira ntchito akangonyowa, choncho konzani moto kaye, kusakaniza kubwere pambuyo. Mukavindikira musamatsegule pafupipafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dikirani mphindi 30, kenako mulase ndi mpeni pakati. Ukatuluka wouma chapsa, ukatuluka ndi phala onjezerani makala pamwamba pokha.

Amisiri akasiya zidutswa za malata atsopano, musatenge chimodzi kuti chikhale chivindikiro choikapo makala. Lata latsopano limakutidwa ndi zinki, ndipo likapsa limatulutsa utsi woipa. Zitini za penti nazonso si zophikiramo kapena kusungiramo madzi akumwa, ngakhale mutazitsuka chotani.

Masikono ali ndi vuto lawolawo nyengo ino. Majarini amasungunuka musanamalize kufikisa, ndipo sikono imatuluka yolimba. Ikani majarini m'kambale koyandama pa madzi ozizira a mumtsuko, fikisani ndi nsonga za zala mwachangu, ndipo musakande ngati mukukanda mandasi. Za yisiti zimatupa msanga kukatentha, ndiye musayendere nthawi imene munazolowera mu Juni. Zikafika kawiri kukula kwake, basi, zipite pamoto, chifukwa zikapitirira zimanunkha mowa n'kuphwa.

Masiku amene padenga pali anthu, khitchini isamukire panja, kumbali kumene kulibe ntchito. Kukhoma misomali kumagwetsa fumbi, dzimbiri ndi zitosi za makoswe zimene zakhala m'mwambamo zaka. Ufa ndi shuga zikhale m'zidebe zotseka, matumba a chimanga atulutsidwe kapena afunditsidwe pepala lapulasitiki, ndipo pobwezera akhale pa mathabwa, osagunda khoma. Mbaula isalowe m'nyumba yotseka mawindo pothawa fumbi. Mpweya wa makala sununkha koma umapha.

Pa za ndiwo zosasa, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, chifukwa tizilombo timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo khitchini ya malata mu Okutobala ili pakati penipeni pa muyezo umenewu. Popanda fuliji, kapena magetsi akazima, njira ndi kuphika zokwana chakudya chimodzi. Zimene zimasasa msanga ndi nyemba, ndiwo zotendera ndi mpunga. Zikatsala ziwiritseni mpaka zibwate, osati kungozifunditsa, ndipo chikombe chimene wina wanyambita chisabwererenso mumphika. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inachititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulira mu Januwale 2023. Inu amene mumagulitsa kwa ana, beseni la zigumu likhale lovindikira ndipo muzipatsira ndi foloko kapena kapepala, dzanja lolandira ndalama lisagwire chakudya.

Kuti musatheretu pamoto, kolezani kamodzi m'mawa ndipo moto womwewo ugwire ntchito motsatizana. Makala akali aukali, wiritsani madzi a tiyi ndi nyemba zimene munaviika usiku. Nyemba zikabwata mwamphamvu kwa mphindi 20, phulani mphika osautsegula, muukulunge m'bulangete lakale n'kuuika mu dengu. Zimapitiriza kupsa zokha, ndipo pofika masana mumangozibwezera pamoto kuti zibwatenso, n'kuthira tomato ndi anyezi. Makala aja akazirala ndi amene akuyenera chigumu. Ndimaumirira za kusamala makala chifukwa ambiri amene timagula mumzinda muno akhala akuchokera ku nkhalango ngati ya Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Madzi a pampopi pathu amachokera kumeneko, ndipo zimandipweteka kuona thumba lathunthu likuthera nyemba zosaviika.

Amisiri musawavutikire ndi zapamwamba. Tiyi ndi chigumu akatsika padenga, masana nsima ya usipa kapena bonya ndi mpiru wa kudimba, zakwana. Chofunika kwambiri ndi madzi akumwa ambiri, ndipo thobwa akalipeza adzakudalitsani, kungoti nyengo ino limasasa msanga, ndiye phikani lochepa. Nkhani ya chakudya muikambiretu pogwirizana mtengo wa ntchito, kuti pasadzakhale kung'ung'udza.

Denga likatha, ngalande. Iyi silira ndalama, imalira khasu, fosholo ndi ana anu Loweruka m'mawa. Chotsani majumbo, mabotolo ndi mchenga m'ngalande yonse mpaka pamene ikukathira, ndipo muuzane ndi oyandikana nawo, chifukwa kwanu kukayera kwa mnzanu kuli kotseka madzi adzabwerera pakhomo panu. Amene anaona mtsinje wa Lingadzi utasefukira ku Mtandire mu Febuluwale 2017 amadziwa mmene madzi amafikira mwadzidzidzi mumzinda uno. Kwezani dothi m'mbali mwa nyumba kuti madzi ochokera padenga azithawa maziko, ndipo chitani chimodzimodzi kuzungulira chimbudzi chokumba. Masefa a m'mawindo ong'ambika asokedwe udzudzu usanachuluke.

Khoma long'ambikalo liyang'aneni bwino musanalimate. Ngati ndi timing'alu tating'ono ta pamwamba pa pulasitala, mmisiri agobe, anyowetse khoma, amate ndi muyezo umodzi wa simenti ku miyezo isanu ya mchenga wosefa. Agwire madzulo kapena khoma likakhala mumthunzi, ndipo inu muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Simenti imalimba ndi madzi, ikauma msanga ndi dzuwa imafumbutuka. Madzi otsukuluzira zovala omaliza, opanda thovu, akhoza kugwira ntchitoyi ngati kumpopi kukuvuta. Koma ngati mng'aluwo ukuyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya windo kapena chitseko, ndipo mukaulemba ndi pensulo mukuona ukukula, vuto lili ku maziko. Pamenepo kumata n'kungobisa, itanani mmisiri wodziwa za maziko adzaone.

Bambo muwafotokozere kuti pulasitala watsopano amafuna pafupifupi milungu inayi kuti aume asanapakidwe penti, ndipo pofika nthawi imeneyo mvula idzakhala ili pakhomo. Penti yopaka pa khoma lachinyontho imatupa n'kusupuka, ndipo matope odumpha ndi mvula amadetsa m'munsi monse pofika Febuluwale. Nthawi yabwino yopenta kunja ndi Meyi kapena Juni, makoma atauma ndipo dzuwa lisali laukali. Ngati akufunitsitsa kuti alendo a Khirisimasi adzaone kusintha, gulani laimu mupake khonde ndi khoma lakumaso lokha, madzulo dzuwa litapendeka, ndipo mudutse kawiri mopyapyala m'malo mopaka kamodzi mochindikala.